A Banda Osadikira

Loweruka lapitali tinakaika chiliza pamanda a bambo Filimoni Banda ku Maganga, ndipo mwambo unayamba mochedwa chifukwa abusa anachedwa kufika. Tili chikhalire pansi pa mtengo wa mango, mayi wina wogulitsa nsomba anandinong'oneza kuti eni mandawo akanakhalapo bwenzi atachoka kalekale, atasiya nambala ya foni kuti tiwaimbire abusa akafika. Ndinaseka pamanda, ndipo sindinachite manyazi. Aliyense amene anawadziwa a Banda akanaseka.

Ku Senga Bay a Banda ndi ambiri, choncho awa ankadziwika kuti a Banda Osadikira. Dzinali analitola kudepoti ya ku Salima. Minibasi ya ku Lilongwe sinyamuka isanadzaze, ndipo anthu enafe timangokhala m'katimo n'kumatuluka thukuta. Iwo ayi. Ankalowa, kusankha mpando, kuvula chipewa chawo chakhaki n'kuchiika pampandopo, kenako n'kumupatsa kondakitala nambala kuti awaimbire ikatsala pang'ono kudzaza. Akatero ankapita kukameta, kukagula mapepala a pulinta, mwinanso kukazonda wodwala. Makondakitala anawazolowera, mpaka ankauza okwera ena kuti pamenepo pali munthu. Koma tsiku lina anapeza kondakitala watsopano amene anaiwala kuimba, ndipo chipewa chinapita chokha ku Lilongwe. Chinabwerako mawa lake chitafumbirira. Akazi awo, aNaphiri, anauza aliyense kumsika kuti pabanja pawo woleza mtima ndi chipewa, osati mwini wake.

Ine ndinagwira nawo ntchito zaka zingapo m'kashopu kawo ka makompyuta, m'mbali mwa msewu wotsikira kunyanja. Ndinapitako nditatopa ndi ntchito yolandira alendo paloji ina, ndili mayi wa ana awiri, ndikufuna kungophunzira kutaipa. Ndinatulukamo ndikudziwa kulemba mapulogalamu a kompyuta, chifukwa a Banda sankatha kuona munthu ali pafupi ndi kompyuta osayamba kumuphunzitsa, kaya wafuna kaya sanafune.

Unyamata wawo anathera kusiteshoni ya njanji, kutumiza ndi kulandira mauthenga a sitima. Makompyuta atabwera, anzawo anawaopa, iwo n'kuwakonda. Anadziphunzitsa okha kulemba mapulogalamu tsitsi litayamba kale imvi, ndipo atapuma ntchito anatsegula kashopuko. Kumaso tinkataipa makalata, kupulinta ndi kufotokopa. Kumbuyo, pampando wawo wathabwa wokhala ndi pilo wophwatalala, ankalembera mapulogalamu maloji ndi makalabu a alimi.

Pulogalamu yanga yoyamba inali yoti mlendo azisungitsa chipinda paloji. Ndinainyadira kwambiri. A Banda anaiyang'ana n'kungopita kukazula chingwe cha intaneti. Nthawi yomweyo pulogalamu yanga inauma gwa. Sinkalola kudina paliponse, inangoti ndwii kudikira yankho lochokera kunetiweki imene kunalibe. Ananditengera pakhomo n'kundilozera amayi amene ankayanika usipa pathandala kutsidya kwa msewu, n'kundifunsa ngati ndinaonapo mayi ataima pathandala kuyang'anira usipa mpaka uume. Amayanika, amapita kukachapa, amagulitsa wadzulo, kenako amabwera kudzauona.

Chiphunzitso chawo chonse chinali chimenecho, ndipo ankachibwereza mpaka kutopetsa. Ankati pali zinthu ziwiri zochedwa zimene pulogalamu imakumana nazo: netiweki, ndi kulemba kapena kuwerenga mafayilo. Pulogalamu yaulesi imatumiza pempho n'kuima manja lende, munthu amene akuigwiritsa ntchito n'kumangoyang'ana kagudumu kakuzungulira pasikirini. Pulogalamu yaulemu imatumiza pempho, kusiya mawu akuti yankho likabwera lindipeze apa, n'kupitiriza kutumikira munthuyo. Pempho likalephera imayesanso, ikalepheranso imapuma pang'ono n'kuyesanso, popanda kuvutitsa aliyense. Ankati kudikiritsa munthu pa chinthu chimene makina akanadikira okha n'chipongwe.

Ndipo zinkagwiradi ntchito. Alimi a mpunga a kalabu ina ku Lifuwu anali ndi pulogalamu yam'foni imene inkafa ikangofika kumunda, kumene netiweki imabwera ngati mlendo. A Banda anailembanso kuti izisunga zonse m'foni momwemo, n'kumazitumiza yokha munthu akafika pamene pakugwira. Mlangizi wa kalabuyo anawabweretsera thumba la mpunga wonunkhira, ndipo kwa mwezi wathunthu aliyense wolowa m'shopu ankauzidwa mbiri ya thumbalo. Kudzichepetsa sikunali mphatso yawo.

Vuto linali loti ankafuna kuti dziko lonse liziyenda ngati mapulogalamu awo. Kutchalitchi anakangana ndi akuluampingo anzawo chifukwa ankafuna kuti msonkhano uziyamba ngakhale afike anthu awiri okha, ochedwawo azipeza zomwe zagwirizanidwa. Kuchigayo ankasiya thumba pamzere n'kuchoka, anthu n'kumalidumpha, iwo pobwera n'kuyamba mlandu. Tiyi ankamwa ataimirira. Ukamawafotokozera nkhani yaitali, ankakuuza kuti pitirizani ndikumva, uku akumanga chingwe, uku akuyankha foni, ndipo chokwiyitsa chinali choti ankamvadi zonse.

ANaphiri anali osiyana nawo kotheratu. Ankagulitsa usipa wouma, ndipo moyo wawo wonse unali wodikira: kudikira mabwato, kudikira dzuwa, kudikira ogula a ku Lilongwe. Ankatha kukhala pamchenga m'mawa wonse osatekeseka. Awiriwa ankakangana tsiku lililonse, ndipo masana alionse aNaphiri ankabwera kushopu ndi mbatata yootcha kapena chinangwa chophika, n'kukhala pabenchi mpaka amuna awo atadya atakhala pansi. Panali chinthu chimodzi chimene aNaphiri sankachifuna m'pang'ono pomwe, ndicho kujambulidwa. Akangoona kamera ankaphimba nkhope ndi chitenje. Chithunzi chawo chokha chinali chapachiphaso cha unzika, ndipo pamenepo amaoneka ngati munthu amene wangomva kuti katundu wake wabedwa. Sanali iwo. ANaphiri enieni anali ndi kampata pakati pa mano, ndipo akaseka mapewa ankagwedezeka.

Nkhani imene inawasintha a Banda ndi ya ukwati wa mwana wawo mmodzi yekhayo, Tadala, amene ndi mphunzitsi kupulayimale. Nthawi imeneyo aNaphiri anali atadwala kale. Anali ataonda, ndipo tonse tinkadziwa kumene zinkalowera, ngakhale palibe ankanena. M'mawa wa tsiku la ukwati aNaphiri anaitana a Yohane, wojambula amene ankatibweretsera ntchito kushopu, n'kuwauza kuti lero lokha ajambule mmene angathere, saphimba nkhope. A Yohane anawajambuladi, ali ndi mwana wawo, ali ndi mkamwini, akuvina pang'onopang'ono atagwira ndodo.

A Yohane anali ndi kakhadi kamodzi kokha kosungira zithunzi m'kamera, ndipo kompyuta yathu inali yakale, yopanda malo okwanira. Choncho a Banda anali atawalembera pulogalamu yotumiza zithunzi kuchokera pakakhadiko kupita kumalo osungira pa intaneti, kenako n'kufufuta kakhadiko kuti kakagwire ntchito ina. Poyamba pulogalamuyo inkatumiza chithunzi chimodzi, kudikira, kenako china, ndipo inkatha masana onse. A Banda inkawanyansa. Ukwati utatsala pang'ono anailembanso kuti izitumiza zithunzi zambiri nthawi imodzi, ati zithunzi za mwana wawo sizingayende ngati ngolo.

Ukwati utachitika, Lamulungu titaweruka kutchalitchi, a Yohane anabwera ndi kakhadiko akuthamangira chinkhoswe ku Lifuwu. Ine ndinalipo. A Banda anakalowetsa, kudina, ndipo tisanamalize n'kupatsana moni komwe pasikirini panalembedwa kuti zatheka. Anatiyang'ana tonse monyadira, n'kubweza kakhadiko kali mbee.

Tsiku limenelo netiweki kunalibe, ndipo palibe anaganiza zoyang'ana. Pulogalamuyo inachita zimene mwini wake ankaphunzitsa. Inatumiza mapempho onse, sinaime kudikira mayankho, inapitiriza ndi ntchito yotsatira. Ntchito yotsatirayo inali kufufuta. Mapempho aja atalephera n'kufuna kuyesanso, zithunzi zoti atumize zinali zitapita kale.

Tinazindikira patapita masiku, Tadala atabwera kudzasankha zoti tipulinte. Kumalo osungira kuja kunalibe kanthu. Kakhadiko a Yohane anali atakadzaza kale ndi zachinkhoswe ndi zamwambo wina, moti zakale sizikanatheka kubwezeretsedwa. Tinayesa njira zonse zimene tinkadziwa. Kenako a Banda anakhala pansi n'kuyamba kuwerenga pulogalamu yawo mzere ndi mzere, pang'onopang'ono kuposa mmene ndinawaonerapo akuwerenga chilichonse. Anaika chala pasikirini, pakati pa mzere wotumiza ndi mzere wofufuta.

"Apa ndiye panafunika kudikira," anatero.

ANaphiri atamva anangoti si kanthu, anthu anaona ndi maso. Anamwalira mvula isanagwe chaka chomwecho. Papepala la mwambo wa maliro tinaikapo chithunzi chapachiphaso chija, chifukwa panalibe china. Tadala analigwira pepalalo nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa bambo ake, osakweza mawu.

"Ababa, munkathamangira kuti?"

Funso limenelo linawapweteka a Banda kuposa chilichonse, ndipo ine ndinawamvera chisoni onse awiri.

Maliro atatha, a Banda anapopa njinga yawo. Anaganiza kuti paukwati panali anthu ambiri okhala ndi mafoni, ndipo mwina mmodzi anawajambula aNaphiri. Anayamba kuyendera aliyense amene anabwera, ku Maganga, ku Lifuwu, kumidzi ya m'mbali mwa nyanja, atatenga kachingwe ndi laputopu m'chikwama. Ulendo umenewu sukanatheka kuusiyira chipewa. Ankafika pakhomo n'kuuzidwa kuti mwini foni ali kumunda wa mpunga, n'kukhala pakhonde mpaka aweruke. Mwini akabwera, foni yathima, yapita kotchajitsa. Ikabwera kotchajitsa, mwana wafufuta zithunzi kuti aikemo nyimbo. Munthu amene sankatha kumwa tiyi atakhala pansi ankakhala pamkeka wa eni ake kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Anyamata a kabaza ankawaseka kuti Osadikira wayamba sukulu yodikira, ndipo iwo ankangovomera kuti wayamba mochedwa.

Anasonkhanitsa zithunzi zambiri. Keke inalipo kuchokera mbali zonse. Tadala ndi mwamuna wake analipo, ovina analipo, ngakhale mbuzi imene inalowerera pabwalo inalipo. Koma aNaphiri ankangooneka msana, kapena mkono, kapena duku kumbuyo kwa mutu wa munthu wina. Anthu anali atazolowera zaka zonsezo kuti mayi amenewa sajambulidwa, moti ngakhale tsiku limenelo ankawalambalala ndi mafoni awo mwaulemu.

Panatsala munthu mmodzi. Anthu angapo ankakumbukira kuti Madalitso, mwana wa mchemwali wa aNaphiri, anawajambula panja pa tchalitchi akuseka. Koma Madalitso anali atabwerera ku Joni kumene amagwira ntchito, ndipo foni imene anajambulirayo inali itasweka galasi. Analonjeza kuti akaikonzetsa atumiza. Miyezi inadutsa. Anasamuka, anasintha nambala, ankapezeka kenako n'kusowanso.

Apa m'pamene a Banda analemba pulogalamu yawo yomaliza, imene anaitcha Mlonda. Ntchito yake inali imodzi: kuyang'anira adiresi ya imelo imene anapatsa Madalitso ndi alendo ena onse. Chithunzi chikafika, Mlonda ankachikoka zidutswazidutswa, netiweki ikaduka n'kudzayambira pomwe analekezera. Akamaliza ankachisunga malo awiri, kuchitsegulanso kuti atsimikize kuti chili bwino, ndipo pokhapo m'pamene ankayankha wotumizayo kuti zikomo, chafika. Anamuika pakompyuta yakale pakona, n'kugula batire ndi sola kuti magetsi akazima asagone. Kuyambira nthawi imeneyo kaphunzitsidwe kawo kanasintha. Za usipa wa pathandala ankanenabe, koma aliyense wowaonetsa pulogalamu ankayamba wamufunsa kuti awalozere malo amene pulogalamuyo ikuyenera kuima n'kudikira, makamaka isanafufute kanthu kapena isanauze munthu kuti zatheka.

Tadala mtima wake unatsika. Anayamba kubwera masana ndi chakudya, n'kumakhala pabenchi ya mayi ake ija. Tsiku lina, ataona bambo ake akubwera kuchokera ku Lifuwu miyendo itatupa, anawapempha kuti azisiye, iye nkhope ya mayi ake akuikumbukira bwinobwino. A Banda anachotsa chipewa n'kumachitembenuza m'manja.

"Iwe ukuikumbukira, mwanawe. Ine ndayamba kuiwala. Ndikatseka maso ndikumaona ya pachiphaso ija."

Ndinanamizira kuti pulinta yatha mapepala n'kutuluka panja, chifukwa misozi inali itayamba kutuluka.

A Banda anamwalira chaka chatha m'nyengo yozizira. Anadwala masiku ochepa chabe, ndipo pamaliro anthu ankati ngakhale imfa sanaidikire kuti idzaze. Nditapita kukawaona kuchipatala sanandiuze mawu akuluakulu ayi. Anandiuza kuti inki yakuda yatsala pang'ono, ndiponso kuti kompyuta yapakona ndisazimitse.

Sindinazimitse. Patapita masabata angapo, masana ena ndikupulintira munthu kalata yofunsira ntchito, kompyuta yapakona inalira kabelu kake. Inali imelo ya Madalitso. Ndinamuimbira Tadala, ndipo anabwera pakabaza choko chili m'manja. Netiweki tsiku limenelo inali yoipa. Mlonda ankaonetsa gawo limene lafika, kuyambira pamwamba: denga la tchalitchi, nthambi ya mtengo, kenako duku lobiriwira ndi chipumi. Pomwepo netiweki inaduka. Ine ndinatenga foni yanga kuti ndithamangire kumsewu kumene imagwira bwino ndikayesere kumeneko. Tadala anandigwira mkono.

"Khalani pansi, achemwali. Ababa anamulemba kuti azidikira."

Tinakhala pabenchi. Mlonda anayesa, kulephera, kupuma, kuyesanso. Wofuna kalata uja anatopa n'kupita. Kenako chithunzi chinayambanso kutsika kuchokera pachipumi pomwe chinalekezera, mpaka chinakwanira.

Anali aNaphiri enieni. Anali akuseka, kampata ka pamano kali poyera, dzanja lina atagwira Tadala, maso akuyang'ana kumbali. Kumbali kumeneko, m'mphepete mwenimweni mwa chithunzi, munkaoneka phewa la suti ndi theka la chipewa chakhaki, munthu akutuluka. Madalitso analemba kuti anawauza a Banda kuti aime pamodzi ndi banja lawo, koma foni yake inkachedwa kutsegula kamera, ndiye iwo anati akakonzeka awaitane, akukaona kaye ngati galimoto ya akwati yafika. Chimene aNaphiri ankaseka chinali chimenecho. Tadala anaseka, kenako analira, ndipo tili mkati molira Mlonda anamuyankha Madalitso kuti zikomo, chafika.

Kashopuko kalipobe, ndikuyendetsa ndine. Chithunzicho tinachipulinta chachikulu n'kuchipachika pakhoma moyang'anana ndi mpando wathabwa uja, pamalo poti munthu wokhala pampandopo akangodzutsa mutu achione. Pilo wophwatalala ali pomwepo. Pamwamba pake pali chipewa chakhaki, chimene Tadala anachiika tsiku lomwe chithunzi chinafika. Makasitomala akachuluka ena amaima, ena amakhala pakhonde, koma palibe amene amachisuntha, chifukwa kuno aliyense amadziwa kuti mpando wokhala ndi chipewa uli ndi mwini wake. Pakona kompyuta yakale ikadali yoyaka. Ntchito ya Mlonda inatha, koma amene akanamuuza zimenezo palibe, ndipo ine sindinalimbe mtima.